Chipewa Chomwe Munavulira Bwana Uja

Ababa, lero ndapeza chipewa chanu cha gofu m'chigafa kuno ku Msakambewa, makoswe atachidya mlomo, ndipo ndapsanso mtima ngati zachitika dzulo.

Kwa zaka zambirimbiri munkanyamulira mabwana ndodo za gofu ku Lilongwe. Matipate atabwera anakulolani kusewera nawo mpikisano waukulu, imvi zili mbuu, bondo likuwawa. Tsiku lomaliza ine mwana wanu ndinali pagulu la oonerera, inu mukutsogola, maenje atatsala awiri okha. Bwana wina amene munkamunyamulira kale, yemwe tsopano ankapikisana nanu, anakucheukirani: "Apa nditenge ndodo iti?" Pakamwa panu panayankha pokha chifukwa cha chizolowezi. Lamulo limati wofunsa nzeru ndi woyankha onse alangidwe, koma oyang'anira analanga inu nokha, chikho n'kupita kwa iye. Ndinakuwa mpaka anthu anachita kundigwira. Inu munavula chipewachi n'kunena kuti, "Zikomo, bwana." M'basi pobwerera ku Dowa munandiuza kuti, "Mwanawe, munthu sakangana ndi amene ankamudyetsa." Ankakudyetsani chiyani, Ababa? Pamaliro anu sanatumize ndi uthenga womwe. Anthu amene anakuberani chikho aja ndinawasiya m'manja mwa Mulungu kalekale. Chomwe sindinakukhululukireni mpaka lero ndi mawu awiri aja.