Mbuzi ya atelala

M'zaka za m'ma 1980, nditalekeza sukulu panjira, ndinalowa kalabu ya achinyamata pafupi ndi mishoni ku Domasi. Otiphunzitsa ntchito zamanja anali anthu ongodzipereka, osalandira kanthu. Ambiri unali moto wa mapesi: Loweruka loyamba changu, lachitatu ati chimfine, kenako zii. Wa ukalipentala anatisiyira mpando wa miyendo itatu.

Amene anapirira anali atelala ena achisilamu a kwa Malemia, omwe ankabwera atamangirira makina osokera panjinga. Ndinkawakonda kwambiri, ngakhale ankandimasulitsa msoko wokhota mpaka zala kuwawa.

Titamva mphekesera zoti nawonso atopa, tinagwidwa njakata, poti makina ena oti mtsikana ngati ine n'kuwakhudza kunalibe. Amayi a kutchalitchi anati tiwaphikire phwando, mtima ubwerere. Tinasonkha mpunga, mkulu wina wa mpingo n'kupereka mbuzi. Pofuna kuti atelala adzangodzidzimuka, anyamata anaizinga okha kuseri kwa tchalitchi. Kwathu kuno ngakhale mwana amadziwa kuti nyama yoti adye anthu ambiri amazinga ndi Msilamu, koma tsiku limenelo chinsinsi chinatilanda nzeru tonse.

Tinawaikira mbale yodzaza, chiwindi pamwamba. Atasamba m'manja anafunsa mwaulemu kuti wazinga ndani. Aliyense anayang'ana zala zake zakumapazi. Iwo anangodya mpunga ndi mpiru, akuyamikira kuti mchere wakwana bwino. Ndinakalirira kuseri kwa khitchini, ndikuti basi, tawathamangitsa tokha.

Loweruka lotsatira ndinapita mokoka miyendo. Ndinawapeza atafika kale, akuthira mafuta m'makina. Ndinagwada n'kuyamba kupepesa, koma sanandilole kumaliza.

"Mwana wanga, mbuzi munazinga osandifunsa. Zoti ndatopa munamvanso kwa ena osandifunsa. Ine ndinauza ndani kuti ndikuchoka?"

Ndiye ndinawafunsa pomwepo, ndidakali chogwada, chimene akanakonda kuti tiziwachitira. Anati tizifika msanga, ndipo aliyense wodziwa kusoka mzere wowongoka aziphunzitsa mnzake, iwo azipumako msana.

Tinatero, ndipo mtima wanga unakhala m'malo. Atelala anakalamba akubwerabe Loweruka lililonse. Maso atayamba kuwavuta, ankakhala pabenchi n'kumasisita ndi chala misoko ya ana amene ndinkawaphunzitsa ine. Ikakhota, womasula ndinali ine.