Chilimwe cha Sapu ya Achemwali

Chimene chimayamba kundibwerera m'maso ndi chitseko. Chinali chitseko chakale cha bafa, chodyeka ndi chiswe m'munsi, chimene aphunzitsi anachipaka zakuda za m'mabatire a tochi n'kuchitsamiritsa pakhonde la nyumba yawo ku Zingwangwa. Ndiye bolodi yake imeneyo. Ukachikhudza, chala chinkada tsiku lonse.

Ndinali kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi, nthawi imene sukulu inali itangokhala yaulere ndipo m'kalasi tinkathinana ngati matemba. Achemwali anga anali atamaliza chaka choyamba kukoleji, oyamba m'banja mwathu kufika kumeneko. Amayi ankagulitsa tomato mumsika, ndipo wogula aliyense, afune asafune, ankamva kuti mwana wawo adzakhala injiniya. Chimene sankanena n'chakuti achemwali anali atalephera masamu a kalikulasi ndi phunziro la fizikisi. Anapatsidwa mwayi umodzi wolembanso, umene iwo ankautchula kuti sapu. Kulepheranso kunali kulongedza katundu, basi.

Achemwali sanali ogona m'mutu ayi. Kungoti anachokera kusekondale yoyendera kumene sayansi ankailoweza ngati vesi. Kukoleji mphunzitsi akalemba chilembo chonga S wamtali wowonda, anzawo ankagwedeza mitu, iwo n'kumangokopera ngati akujambula maluwa a pansalu. Patchuthi anabwera ndi mafunso odzaza kope, opanda wowafunsa. Amalume, amene tinkawatenga ngati ophunzira chifukwa anali kalaliki, anatsegula kope lija, kulitembenuza, n'kunena kuti, "Masamu opanda manambala? Mphwanga, awa si masamu." Analibweza msanga ngati likuwotcha.

Ndi amalume omwewo amene anakumbukira za aphunzitsi a kumunsi kwa chitunda. Kale ankaphunzitsa sayansi kusekondale, koma anasiya chifukwa cha kudwala. Akazi awo anali atamwalira. Aphunzitsiwo anali ataonda mwakuti kolala ya shati inkangozungulira khosi. Anthu sankatchula dzina la matendawo, ankangoti "zomwezi" n'kutsitsa mawu. Amayi anavomera monyinyirika kuti achemwali azikaphunzira kwa iwo, ndi malamulo atatu: maphunziro achitikire pakhonde dzuwa likuswa mtengo, ine ndizikhalapo poti mtsikana sapita yekha kwa mwamuna wopanda mkazi, ndipo tisadye kapena kumwa kalikonse.

Kunkatentha chilimwe chimenecho. Malata ankalira okha, fumbi la choko linkamatirira pathukuta. Aphunzitsi ankalankhula pang'onopang'ono, kupumira pakati pa mawu. "Iwe mwana wa ku Zingwangwa, ungalephere bwanji funso la chitunda?" Anatuma achemwali kukankha wilibala ya njerwa pamtunda, kenako pamalo osalala, kuti manja awo amve zimene mivi ya pabolodi inkanena. Tsiku lina analoza minibasi imene inkatsika msewu. "Liwiro lake silikhala limodzi. Funso n'lakuti, pa kamphindi komwe ikudutsa pagolosale paja, ikuthamanga bwanji? Kalikulasi imayambira pamenepo." Achemwali anaseka, kuseka kumene ndinali ndisanakumve chibwerere kukoleji. Yankho aphunzitsi sankapereka. Ankangoti, "Yambiranso."

Sabata yachitatu, achemwali ali pakati pa funso lalitali, maso ali pabolodi, anatambasula dzanja n'kutenga kapu yapulasitiki yofiira imene aphunzitsi ankamwera. Anamwa madzi onse osazindikira n'komwe. Ine ndinaona.

Ndinali mwana wapakamwa, ndivomere, ndipo ndinkakonda kuyamikiridwa kuposa shuga. Ndinathamangira kumsika n'kukanena pamaso pa azimayi onse a pabenchi ya tomato. Madzulo amenewo amayi anachukuchitsa achemwali madzi amchere mpaka kusanza. Achemwali anagwada, kulongosola kuti matendawo sayenda m'kapu, kuti ngakhale wailesi imanena. Amayi sanamve. "Bola mbuli yamoyo kusiyana ndi injiniya wa m'bokosi," anatero. "Kumeneko usadzapondekonso." Amayi sindiwaweruza. Chaka chomwecho anali ataika mng'ono wawo, ndipo mantha anali atawalowa mpaka m'mafupa. Kunali kutatsala masiku khumi kuti sapu ilembedwe.

Achemwali anabwerera pamphasa ndi kope lawo. Ankalemba, kufufuta, kulemba, mpaka pepala kubooka. Ana a oyandikana nawo ankabwerabe ndi masamu a sitandade sikisi kuti "a injiniya" awathandize, iwo n'kumawathandiza, misozi ili m'maso.

Patapita masiku anayi, ndikuchokera kusukulu, ndinapeza aphunzitsi ataima m'mbali mwa njira, atatsamira ndodo. Anali atakwera chitunda chonse chija okha. Anapuma kanthawi asanathe kulankhula. Kenako anandipatsa jumbo yodzaza mapepala. "Ukapatse achemwali ako. Mafunso onse amene tinatsala nawo ndawalongosola, mzere ndi mzere. Ukawauze kuti mutu ali nawo, asachite mantha." Atatero anatsokomola nthawi yaitali, dzanja lili pakamwa, dzanja lomwelo limene linagwira jumbo.

Ndinainyamula ndi zala ziwiri, kutali ndi diresi. Pakona ndinasuzumira. Zilembo zing'onozing'ono za pensulo, mivi, tizithunzi ta wilibala, mapepala olembedwa mbali zonse mpaka m'mphepete. Lero ndikudziwa kuti munthu wodwala chotero sakanalemba zonsezo popanda kudzipweteka. Tsiku limenelo ndinangoona matenda. Ndinalowera kuseri kwa nyumba, n'kuponya jumbo yonse m'chimbudzi. Ndinamva ikugwa. Ndinasamba m'manja ndi sopo ndi mchenga mpaka khungu kufiira, mtima uli mbee.

Tsiku lililonse ndikaweruka achemwali ankandifunsa motsitsa mawu, "Sunawaone aphunzitsi?" Ndinkati ayi. "Sanatume mawu alionse?" Ayi. Tsiku lomaliza anatseka kope n'kunena kuti, "Mwina anaona kuti ndine wosaphunzitsika." Ananyamuka kukalemba sapu ali ndi maganizo amenewo.

Kalata ya zotsatira inabwera mvula yoyamba itagwa. Fizikisi anakhoza. Kalikulasi analephera, ndipo malo awo kukoleji anatha. Aphunzitsi anamwalira chimanga chisanache, achemwali osapita kumaliro. Anayamba kukhala ndi amayi pabenchi ya tomato, ndipo mpaka lero ali mumsika. Za injiniya palibe anazitchulanso m'nyumba mwathu.

Kaya mapepala aja akanawapulumutsa achemwali, sindikudziwa, ndipo kusadziwako n'kumene kumandidya. Ndakula, ndabereka, tsitsi layamba imvi, koma pakamwa panga paja, pamene sipankasunga kanthu, pasunga ichi chokha. Ndimachita manyazi, ndiponso ndimaopa nkhope imene angandiyang'ane nayo.

Tsiku la kalatalo achemwali anakhala kuseri kwa nyumba, miyendo ili tambalale m'matope, osalira. Ine ndinakakhala pambali pawo. Ndinayang'ana mikono yawo yonenepa, masaya awo odzaza, n'kumva kunyada kuti ntchito yanga yaoneka. Ndinawagwira phewa n'kunena kuti, "Komatu simunadwale, achemwali." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandikonza kolala ya diresi n'kuyang'ana kumbali. Ndinakhalabe pomwepo, kudikira kuti andithokoze.