Nthambi za Lonjezo Panjira

M'mawa uliwonse, asanatulutse njinga yake ya kabaza, Lonjezo wa ku Lisungwi amakhala pakhonde, kupinda miyendo, kutsinzina, n'kuyamba kuwerenga mpweya wake. Kukoka, kutulutsa, mpaka makumi atatu. Anaziphunzira kwa mlangizi wina wa zaumoyo pamsonkhano wa achinyamata.

Sikuti anazikonda ayi. Mnyamatayu anali wa mtima wapachala: munthu kungomugunda phewa pasiteji, iye malaya wavula kale. Ndiye Dorica, bwenzi lake, anamuuza mosapsatira kuti akangomenyananso ndi munthu chinkhoswe chisanachitike, akafune mkazi wina.

Vuto linali njira yodutsa pakhomo pake. Akangowerenga mpaka seveni, uyu "Mwadzuka bwanji?", uyo belu la njinga ngilingili, iye n'kuyambiranso. Lachiwiri lina anathyola nthambi za mango n'kuziyala panjirapo, uku ndi uku, kuti anthu azilambalala. Mutu unali pa mpweya basi. Zoti masamba panjira amalengeza maliro sizinamubwerere.

Atakwanitsa makumi atatu anatsegula maso. Pabwalo anthu tho! Azibambo zipewa m'manja, azimayi atakhala pansi. A Callista, amayi ake a Dorica, anali atayamba kale kusisima.

"Pepani bambo," anatero a Callista. "Atisiya ndani?"

"Palibe, amayi. Ndimawerenga mpweya."

A Laimoni, amalume ake a Lonjezo, dzambatu!

"Iwe! Ndataya khasu kumunda, ndathamanga mpaka patapata kuduka, eti ukuwerenga mpweya? Mpweyawo unasowa? Chitsiru cha munthu!"

Anamukoka khutu ngati kamwana, anthu onse akuona. Dzanja la Lonjezo linapita lokha pabatani la malaya. Kuseri kwa a Callista kunaima Dorica, maso ali pabatani lomwelo.

Lonjezo anatsinzina. Kukoka, kutulutsa. Khutu likadali m'manja mwa amalume. Pofika pa faifi, dzanja lija linatsika.

"Ndalakwa, amalume. Pepani nonse."

A Callista anapukuta misozi ndi chitenje n'kucheukira mwana wawo.

"Dorica, kodi ndi yemweyu umati amavula malaya? Kupusa ndiye ngopusa ndithu, koma usamutaye."

Dorica anabisa nkhope, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Lonjezo anasisita khutu lake, n'kuyang'ana kunjira.

"Amalume, chonde ndithandizeni kuchotsa nthambizi, akwaya asanafike."