Sefa Pagolo

Dzina loti Sefa ndinamupatsa ndine.

Chaka chimenecho ndinkaphunzitsa mpira pasekondale ina ku Golomoti, ndipo tinafika mu fainolo ya chikho cha masukulu ku Mtakataka. Ndinali nditaonera mpira wambiri pa kanema moti ndinkadzimva ukatswiri. Ndinauza anyamata kuti amwazikane kutsogolo, kumbuyo kutsale awiri okha. "Kutchinga ndi kwa amantha," ndinatero.

Goloboyi wathu, mwana wa msodzi, anabwera atapinda manja kumbuyo. "Aphunzitsi, kumbuyoku kulibe anthu. Mutabweza awiri ena."

Ndinamufunsa ngati mphunzitsi anali iyeyo.

Tinagoletsa zitatu. Anzathuwo anangounjikana kwawo, kudikira kuti titaye mpira, ndipo anatimwetsa zisanu. Pa chigoli chilichonse ankabwera atatu, goloboyi ali yekhayekha.

Mu lole pobwerera maso onse anali pa ine. Ndinachita mantha. "Kutsogolo tagwira ntchito," ndinatero. "Kungoti pagolo tinaikapo sefa."

Anyamata anaseka mpaka kugwetsa misozi, ine kuposa onse. Goloboyi uja ankangomasula zingwe za nsapato n'kumangaso.

Mpira anasiyira pomwepo, koma dzinalo linamukanirira. Lero amagulitsa usipa pamsika wa Mtakataka, ndipo ana ake amatchedwa ana a Sefa.

Mwezi watha ndinaima pabenchi pake nditatsimikiza mtima kupepesa. Anandipatsa moni mwaulemu, manja awiri. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimutchule dzina lake lenileni, koma m'mutu munalibe.

"Zikomo, a Sefa," ndinatero, n'kunyamula usipa wanga.