Botolo Lodya Fulawa la Alamu Anga a Langton

Mpaka lero ndikanunkhiza chinthu chosasa mseru umandigwira, ndipo anandiyambitsa ndi alamu anga a Langton, amuna awo a akulu anga a Vainess. Ndinkakhala nawo ku Natuseko pamene mgodi wa Kabwe unatsekedwa mu 1994.

A Langton anali khukhi pa kilabu ya mabwana a mgodi chiyambire unyamata wawo. Chilichonse chimene mzungu kapena Mmwenye ankachilakalaka cha kwawo, iwo ankaphika: chapati, samusa, supu wa mchira wa ng'ombe, ndi chitumbuwa china cha Angerezi choikamo impso, chimene kwa ine chinkangonunkha mkodzo. Koma chimene ankayenda nacho modzigomera ndi buledi wosasa wa ku Jeremani. Mkazi wa injiniya wina, pobwerera kwawo, anawasiyira botolo la phala la fulawa, lotuwa, lochita thovu ngati masese. Buledi ameneyu satupa ndi yisiti wa m'sitolo, amatupa ndi phala limeneli. Tsiku lotseka kilabu anzawo anatuluka ndi mapoto ndi masupuni, iwo anatuluka ndi botolo m'khwapa.

Tsono chinthucho chinkadya. M'mawa uliwonse a Langton ankachitsegula, fungo n'kudzaza nyumba yonse, kenako ankataya theka kudzala n'kuthiramo fulawa watsopano ndi madzi. Kutaya kumene, m'nyumba yoti ana akumwa tiyi wopanda shuga. Fulawayo ankatapa m'thumba la a Vainess, amene ankakazinga vitumbuwa n'kumagulitsa pokwerera maminibasi a ku Mukobeko, ndipo vitumbuwa zimenezo ndizo zinkatidyetsa tonse. Tsiku lina akulu anga anayesa kuthira chotayidwacho mu vitumbuwa kuti chisapite pachabe. Makondakitala analavula pamaso pawo, ndipo anabwera nazo kunyumba zonse.

Ine pakamwa sindisunga. Ndinawafunsa kuti, "Alamu, kodi ameneyu ndi mwana wachingati m'nyumba muno? Poti mwana wanu Lyness akuonda, uyu akunenepa."

"Mlamu, sudziwa kanthu iwe," anandiyankha akupukuta botolo lawo. "Mgodi ukugulitsidwa. Eni ake atsopano akabwera adzafuna kudya, ndipo buledi uyu m'Kabwe monse ndimamudziwa ndine ndekha. Chikafa ichi, ntchito yanganso yafa."

A Vainess, mayi wa chigwirizano ku mpingo wa Reformed, ankangoti tiwasiye, mwamuna wopanda chodikira sachedwa kuyamba kachasu. Ine zinkandinyansa basi.

Chaka chitatha ndi miyezi pamwamba, tinamva kuti kampani ina yagula mbali ya mgodi pamodzi ndi kilabu ija. A Langton anasanduka mnyamata. Anakanda mtanda, anaufunditsa bulangete langa, anauphika mumphika pa mbaula, makala pansi makala pamwamba. Anasita jekete lawo loyera la ukhukhi. Ine ndinawanyamulira buledi pamutu kuti jekete lisade, ndipo ndinkafunanso kukaona ndi maso anga anthu odya zoterezi.

Pageti tinapeza a Sailas, mkulu wa mpingo wathu amene kale ankagwira pansi pa mgodi, tsopano ali mlonda. Anayang'ana jekete lija, anayang'ana pansi.

"A Langton, bwererani kunyumba," anatero motsitsa mawu.

Alamu sanamve, analowa, ine pambuyo. M'khitchini munali utsi wokhawokha. Anyamata anali kudula masitovu ndi moto wa gasi, zidutswa n'kumaponya m'lole imene inaima pakhomo. Uvuni waukulu, umene a Langton ankaukamba ngati m'bale wawo, unali utang'ambidwa kale pakati. Bwana wa tayi anakhala pa kreti akumwa chakumwa cha m'botolo. Alamu anavula chipewa, anafotokoza zaka zawo pa kilabu, anapereka buledi ndi manja awiri.

Bwanayo ananyema pang'ono, ananunkhiza, anakwinya nkhope.

"Madala, uyu ndi woola. Ndiponso ife tabwera kudzatenga zitsulo, sitinabwere kudzadya."

Anapukutira zala zake pa thalauza. Ndinamuyang'ana munthu ameneyo, mseru umene ndinamva unaposa wa botolo. Anthu tawuni yonse akudikira kuti mgodi udzuke, chonsecho ogulawo abwera kudzaukokota ngati mphika wa dzulo. Ndinafuna kumutukwana, koma alamu anandigwira mkono.

Tinatuluka. Buledi uja alamu anawasiyira a Sailas pageti.

Titafika, anapempha fulawa kwa a Vainess. Ine ndinati ayambanso kudyetsa chinthu chawo. Koma anakhuthulira phala lonse m'beseni, anakokota m'botolo ndi chala mpaka munayera, n'kuyamba kukanda zonse pamodzi. Chiyambire sanachitepo zimenezo, poti wophika buledi ameneyu amasiyako pang'ono nthawi zonse kuti mawa apeze poyambira.

A Vainess anaima pakhomo la khitchini, chitenje m'manja.

"Atate ake Lyness, simusiyako mbewu?"

"Mbewu ya munda uti?" anatero a Langton osadzutsa mutu.

Buledi atapsa, ana anadya atatsina mphuno chifukwa njala inali itawapweteka. Inenso ndinadya. A Langton anakhala panja pa mpando, jekete loyera lili m'thupi, ndipo gawo lawo anampatsa Lyness.