Mtedza Wosawaza Madzi

Kwathu ku Chiringa mtedza tinkauwaza madzi tisanauswe. Ukawaza madzulo n'kuufunditsa chiguduli, m'mawa makoko afewa, zala sizipweteka. Mudzi wonse unkachita choncho. Kwa amayi anga, omwe zala zawo zinapindika ndi nyamakazi, panalibenso njira ina.

Matipate atabwera, msika wa boma unayamba kutsegulidwa mochedwa, kenako unangokhala chitsekere. Mlangizi wathu wa zaulimi anamusamutsa, wina sanabwere, m'nyumba mwake munayamba kugona mbuzi. Ndiye alimi anayambitsa kalabu, ndipo wogula wina wa ku Limbe analonjeza kuti mtedza wathu ukakwera sitima ya pamadzi mpaka ku Ulaya. Amayi, amasiye osatha kulemba ngakhale dzina lawo, anasankhidwa kuti aziyang'anira azimayi posankha mtedzawo. Koma ndiye kunyada! Tsiku la msonkhano ankasamba m'mamawa ngati Lamulungu, ine n'kumawaseka kuti abwana afulumire ofesi ingatsekedwe.

Lole inabwera, matumba anapita, kenako zii. Zomwe zinachitika kumeneko tinadzazimva mochedwa, zidutswazidutswa. Akuti matumba anakhala m'shedi kudikira oyeza a boma. Makina oyezera anali atafa. Atawakonza, wosaina anali ku semina kunyanja. Mvula inayamba, denga la shediyo likudontha. Mtedza unapitabe, koma kutsidyako anaukana, ati uli ndi chuku, poizoni amene nthawi zina maso samuona n'komwe.

Wapampando wa kalabu, mkulu wa mpingo wofatsa bwino, anaitanitsa msonkhano m'tchalitchi. Wogula uja anali atamuuza kuti vuto ndi alimi onyowetsa mtedza. Aka kanali koyamba ife kumva kuti madzi amabweretsa chuku. Palibe anatiuzapo, ngakhale mmodzi. Wapampandoyo atafunsa kuti ndani amawaza madzi, anthu onse maso pansi, azakhali anga akuchotsa minga yomwe kunalibe kuphazi. Amayi anaimika dzanja.

"Ine ndimawaza. Kodi n'kulakwa?"

Anawachotsa m'kalabu tsiku lomwelo. Mtima unandiwawa moti ndinaimirira, ine mtsikana wa sekondale, n'kufunsa kuti nanga denga lodontha lija alichotsa liti. Anandiuza kuti ndikhale pansi, si za ana. Ndinapsa mtima chaka chathunthu, wapampandoyo osamupatsa moni. Lero ndimamumvera chisoni bamboyo. Ku Limbe akanakagogoda pa chitseko chiti? Munthu yekhayo amene akanatha kumufikira anali mayi amene anaimika dzanja.

Amayi sanadandaule. Anangoti chaka chamawa adzaonetsa kalabu mtedza wouma kuti iwabwezeretse. Atakolola anauswa wosawaza ngakhale dontho. Zala zinang'ambika, anazimanga tinsanza, n'kupitiriza. Ine ndikawathandiza ankandiyang'anitsitsa ngati ndabisa madzi m'kamwa. Ndikati apume ankandikalipira m'Chilomwe, chomwe ankachisungira masiku okwiya. Njere iliyonse yofota kapena yakuda ankaiponyera nkhuku. Linakwana thumba limodzi, mtedza wofiira bwino, wolira ukaugwedeza.

Koma kalabu yoti iwabwezeretse inali itatha. Wogula uja sanabwerenso, anthu anangosiya kusonkhana. Otsala anali mavenda okhala ndi masikelo awo m'mbali mwa msewu.

Tinakweza thumba pa njinga, ine ndikukankha, amayi akutsatira pambuyo. Venda amene tinamupeza anali bambo wa ulemu wake, anawapatsa amayi mpando. Kumbuyo kwake kunali mulu wa mtedza wa anthu onse, wina wonyowa, wina wakuda, wina wosakaniza ndi timiyala. Anakoleka thumba lathu pa sikelo asanalimasule. Amayi anadzuka pampando paja.

"Bambo, taumasulani muuone kaye. Umenewu sunakhudze madzi."

"Ndamva, mayi, mwachita bwino. Koma kumene ukupitako safunsa zimenezo."

Anadula chingwe n'kukhuthulira pamulu paja. Kwa kanthawi mtedza wa amayi unkaoneka wokha pamwamba, wofiira. Kenako wantchito wake anabwera ndi fosholo n'kuyamba kusakaniza. Amayi anaima pomwepo, manja omanga nsanza ali pachifuwa, kuyang'ana mpaka sanathenso kuuzindikira.