Foni Inali Tsidya la Nyanja

Ndinafika ku Chipoka ngati mphunzitsi wa sekondale wochokera ku Dedza, munthu wosatha kusiyanitsa usipa ndi utaka. Chaka chimene nyanja inakwera n'kulowa m'nyumba za anthu, bungwe lina linabwera ndi malaputopu n'kundipempha kuti ndiziphunzitsa anthu otsala opanda pogona kulemba mapulogalamu a kompyuta, zija amati kodingi. Ndinaseka. Munthu akugona pa katoni m'shedi yakale pafupi ndi njanji, iwe n'kumupatsa kodingi? Komabe ndinavomera, poti bungwelo linalonjeza chinthu chimodzi chogwirika: wokhoza kuposa onse adzapita ku Lilongwe kukapitiriza maphunziro, ndipo adzapatsidwa chipinda chogona.

Tsiku loyamba aliyense anayenera kutsegula akaunti pa intaneti, mosungira ntchito yake. Tsambalo linkafuna nambala ya foni. Ambiri foni analibe, netiweki inkadukaduka, ine mutu unali utatentha. Ndinakalipa kuti, “Ikani nambala ya aliyense amene mukumudziwa, tisataye nthawi.” Anaika, tinapitirira.

Ambiri ankabwerera phala limene tinkagawa m'mawa, ndipo sindiwanena. Koma panali mayi ena amasiye, achisilamu, amene ankayanika usipa wa eni ake pa thandala. Ankagona m'shedimo ndi mwana wawo wamkazi. Zala zawo zinali zong'aluka moti laputopu inkachita kukana kumva akaikhudza. Sabata yoyamba ndinawazazira kangapo. Sabata yachitatu ndinali nditayamba kuwaopa.

Malaputopu ankabwerera m'bokosi masana, choncho mayiwo ankakopera zonse m'kope. Potembenuza nsomba ankayendetsa pulogalamuyo m'mutu, mzere ndi mzere. M'mawa ankafika akununkha usipa n'kunena kuti, “Aphunzitsi, apa ikana, sindinatseke bwino.” Tikayatsa, inkakanadi pomwepo. Anapanga pulogalamu yokumbutsa thandala limene nsomba zake zayenera kutembenuzidwa ndi limene zayenera kuphulidwa. Ndinawauza poyera kuti malo a ku Lilongwe ndi awo. Anangoti, “Inshallah,” koma pofika madzulo mwana wawo anali atauza kale shedi yonse kuti akukagona m'nyumba ya chitseko.

Tsiku losankha, mnyamata wa ku bungwe anabwera ndi laputopu yake, poti athu aja anali atatumizidwa kale ku boma lina. Aliyense ankalowa mu akaunti yake n'kuonetsa ntchito. Mayi aja atalemba pasiwedi, makina achilendowo anati atumiza nambala yachinsinsi ku foni imene inalembedwa poyamba paja.

“Foni ya ndani imeneyi, mayi?” ndinafunsa.

“Ya eni bwato amene ndinkawayanikira nsomba.”

“Aitaneni.”

“Anasamuka, aphunzitsi. Mwera utayamba anatsatira nsomba tsidya lija.”

Aliyense wa kunyanja amadziwa kuti msodzi sakhala malo amodzi, amapita kumene kwapita nsomba, miyezi n'kutha. Ine ndekha ndi amene sindinkadziwa, ndipo sindinafunse munthu, paja ndinali mphunzitsi. Tinaimba foni ya eni bwatowo mpaka khutu kuwawa. Siinkapezeka.

Ndinamuchonderera mnyamata uja, ine munthu wamkulu. Ndinamuonetsa kope lija, masamba onse odzaza, ena othimbirira ndi mafuta a nsomba. Analiwerenga, anapukusa mutu mwachisoni n'kunena kuti akuluakulu ake amaona zimene zasungidwa mu akaunti basi, za m'kope sangazitumize. Sanali woipa mtima. Galimoto inali ikumudikira. Malo aja anapita kwa mnyamata wina amene analemba Folomu 4, wokhala ndi foni yakeyake.

Mayi aja anakulunga kope m'jumbo n'kundiuza kuti, “Musadandaule, aphunzitsi, Mulungu sanalembe.” Zinandiwawa kwambiri, chifukwa ndinkadziwa kuti si Mulungu amene anakalipa tsiku loyamba lija. Koma sindinawauze. Ndinachita mantha, ndipo mpaka lero ndimachita manyazi.

Maphunziro anathera pomwepo. Bungwe silinabwerenso. Anthu a m'shedi ena anapita ku maganyu a mpunga ku Lifuwu, ena anangobalalika. Ine ndinabwerera ku choko changa, ndipo ndikafuna ndiwo ndinkazungulira njira yaitali kuti ndisadutse pa mathandala.

Mwera utaleka, tsiku lina Loweruka ndinamva odi pakhomo. Anali mayi aja, ataonda, chitenje chomwe chija. Eni bwato anali atabwerako. Uthenga wa nambala yachinsinsi uja unalowa m'foni mwawo kalekale ndipo sanaufufute, poganiza kuti n'chinthu chofunika. Mayiwo anali atakopera nambalayo pa kapepala, mosamala, n'kukapinda kanayi. Anagwada n'kundipatsa ndi manja awiri.

“Yafika, aphunzitsi. Tikatsegule liti?”

Nambala zoterozo zimafa pakangopita mphindi zochepa. Laputopu kunalibe, malo a ku Lilongwe aja anali ndi mwini wake, ndipo mvula inali pafupi kuwapezanso m'shedi muja. Ndinalandira kapepalako n'kunena kuti ndiwafunsa a bungwe. Anathokoza kwambiri, n'kunena kuti abweranso Loweruka.